Nanga pa Chiwili azathilila ni ndani?

Imwe amene mukhala mu komboni, tiyeni tiwelenge pamodzi. Ni magadeni angati amene munaonapo akutsegulidwa na tenti, masipika, mateshati atsopano na mlendo wolemekezeka wogwila khasu monga wagwila maikolofoni? Manje pa magadeni amenewo, ni angati amene lelo mungapiteko n'kugula repu ya K5? Kwambili kunatsala chikwangwani chabe, nacho penti inachoka kudala.

Nchito yanga ni kulemba za oimba na ma show, so ma launch nimawadziwa bwino. Launch ya album na launch ya gadeni zimayamba chimodzimodzi, tsiku loyamba aliyense alipo. Koma nyimbo olo muiiwale miyezi itatu, muzaipeza ili mu foni. Repu mukaiiwala masiku atatu mu October, yapita. Gadeni ya anthu onse imafa pa Chiwili kuseni, pamene amene anali kufunika kuthilila wagona, wina wapita ku piece work, wina aganiza kuti mnzake apitako. Nkhani yonse yoyendetsa gadeni yothandiza anthu yagona pamenepo.

Zaka ziwili manje nimathandizako pa gadeni ina m'komboni mwathu, kuseli kwa chalichi. Ni kamalo kang'ono. Lima imodzi ni mamita 50 uku na 50 uku, ise yathu siifika olo pa theka. Muli mabedi a repu, chainizi, chibwabwa, kalembula, impwa na anyezi, masaka obyalamo ndiwo amene tinandandalika ku mpanda, nkhuku zochepa na khola la akalulu. Palibe amene amalandila malipilo. Gadeni iyi ili na nchito zitatu: kuphunzitsa, kudyetsa na kugulitsa zochepa kuti tigule mbeu. Yoyamba ndiyo ikulu, ndiye chifukwa chake geti imakhala yotsegula kwa aliyense wofuna kuyangana, kufunsa na kudetsa manja.

Mwina mukamba kuti, ah iwe, ise ndise a mu tauni, zolima ni za kumudzi. Kumbukilani 2024. Pa 29 February chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Manzi ku Kariba anatsika, malaiti kwina anali kubwela maola atatu chabe pa tsiku. Wometa tsitsi anakhala manja lende, wowotchelela mageti naye chimodzimodzi. M'nyumba zambili ndalama ikapezeka inali kuthela pa pamela, malasha na ka saladi, ya ndiwo n'kusowa. Nyumba imene inali na masaka atatu a repu pa khomo inali kudya nsima na ndiwo, pamene a neba asosola na mchele. Ivi sivofuna digili kuti muvimvetse.

Na kulima mu Lusaka si chinthu chachilendo. Mzinda uyu unakhala likulu mu 1935, ndipo pulani ya Stanley Adshead ya mu 1931 inali ya mzinda wa mitengo na magadeni, olo kuti kukongola kumeneko anakonzela azungu, ise makomboni anatiiwala. Mu 1975 ba Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale na production unit, ana aziphunzila kulima na kuweta. Funsani ba mudala wanu, azakuuzani. Chimene chinaononga nkhani ni chakuti m'masukulu ambili khasu na silasha zinasanduka chilango. Wachedwa, ku gadeni. Wapanga chongo, ku gadeni. Tinakula tikuona bedi ya ndiwo monga jele. Ndiye pa gadeni yathu lamulo loyamba ni ili: palibe mwana amene amatumidwa kuno chifukwa walakwa. Amai akabwela na mwana ati mumupatse nchito azibe, timawabweza mwaulemu. Mwana wobwela kuzalangidwa sazabwelanso yekha.

Manje ngati imwe na anzanu a ku chalichi, a ku timu ya bola olo a mu chilimba muganiza zoyamba chinthu chotele, mvelani zimene zimasunga gadeni kuti ikhale na moyo. Zonse ni zinthu zosaoneka pa chithunzi.

Choyamba ni kalata ya malo. Mudziwa mwamene nkhani ya mapuloti ilili mu Lusaka. Malo amene anali chishala, potaya zinyalala, palibe amawafuna. Mukawayeletsa, mukafakamo manyowa, repu ikabiliwila, eni ake amatulukila asanu. So musanakumbe olo bedi imodzi, khalani pansi na eni malo, kaya ni chalichi, sukulu olo munthu, mulembelane: zaka zingati, bilu ya manzi azalipila ni ndani, mpanda uzakhala wa ndani mukachoka. Abusa amasamutsidwa, ba hedi amapuma pa nchito, koma pepala losainidwa limatsala.

Chachiwili ni manzi, ndipo apa osachita masewela. Kolela imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu opitilila 20,000 na kupha pafupifupi 700. National Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anatsegulidwa pa 12 February 2024 m'malo mwa January. Miyala ya pansi pa Lusaka ili na ming'alu, ndiye m'madela monga Kanyama zonyansa za m'vimbudzi zimalowa msanga m'zitsime zosazama, maka-maka mvula ikagwa. Gadeni yophunzitsa anthu siingathilile na manzi a mu ngalande, olo repu yake ioneke yonenepa bwanji. Ise timasunga manzi a pa mpopi m'madilamu, chifukwa malaiti akapita na mpopi umauma. Timathilila kuseni olo madzulo, osati dzuwa lili pamutu, ndipo mabedi timaphimba na udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Bedi yophimbidwa imamwa zochepa kupambana ya pamtunda, ndipo amene amanyamula zigubu za malita 20 amamva kusiyana kwake mu msana.

Chachitatu ni mndandanda wothilila. Pa gulupu ya WhatsApp aliyense amayankha ati nizabwela, na ka chithunzi ka chala cha m'mwamba. Chala cha pa foni sichinyamula keni. Mndandanda wathu uli mu buku ya hadikava imene imakhala m'kashedi ka zida. Tsiku lililonse lili na anthu awili, osati mmodzi, chifukwa munthu amachita manyazi kusiya mnzake yekha na makeni. Wothilila amasaina. Amene walephela auze anzake dzulo lake, apeze wosinthana naye. Palibe faindi, palibe kutukwanana, koma buku imawelengedwa pamaso pa onse, ndipo dzina lopanda siginecha limadzikambila lokha.

Chachinayi ni ndalama. Magulu ambili m'komboni amapasuka chifukwa cha K200, osati K200,000. Ngwee iliyonse ya ndiwo zogulitsa imalembedwa tsiku lomwelo, ndipo pa Chiwelu chothela mwezi msungichuma amawelenga mokweza zimene zalowa na zimene zatuluka. Ndalama siituluka na siginecha imodzi. Zokolola nazo zili na lamulo lake, timazigawa patatu. Gawo loyamba ni la amene asebenza wiki imeneyo. Lachiwili limapita ku nyumba zimene komiti inasankha, zambili ni za ambuya olela adzukulu. Lachitatu timagulitsa kwa amai a pa maliketi kuti tigule mbeu na zakudya za nkhuku. Mukapanda kugwilizana izi repu ikali ku nasale, muzakangana tsiku lokolola.

Gulu likakhazikika, likalembetseni kwa Registrar of Societies olo monga kopaletivu. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo magulu olembetsedwa a achinyamata na azimai angapemphe thandizo kupitila ku Ward Development Committee. Koma mvelani bwino, yambani na makeni awili na buku, fomu ibwele pambuyo. Gulu limene lakumana chifukwa cha fomu limatha tsiku limene yankho yachedwa.

Pa Chiwelu kuseni ndiye pamene gadeni imasanduka sukulu. Kumabwela ana a pulaimale, anyamata amene anasiliza giledi 12 koma akali kuyembekeza, na azimai ochoka ku kwaya. Phunzilo limene anthu amakonda maningi ni la saka, chifukwa ambili tikhala m'nyumba za lendi ndipo ba landilodi safuna kumva za kukumba pa yadi. Lembani iyi. Tengani saka yakale ya 50kg. Sakanizani dothi na manyowa owola bwino, dothi likhale lambili. Pakati pa saka imikani chitini chobooka uku na uku, mudzazemo timiyala, m'mbali mwake mufakemo dothi, mukweze chitini, mubwelezenso mpaka saka idzale. Muzakhala na msana wa miyala kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiwo njila ya manzi. Boolani timabowo m'mbali mwa saka motalikilana monga chikhato, mubyalemo mbande za repu zimene zakhala ku nasale pafupifupi mawiki anayi, zina mubyale pamwamba. Pakapita mwezi na ka pang'ono muyamba kuthyola masamba a kunsi, a pakati muziwasiya kuti izipitiliza kuphuka. Tsiku losamuka, saka imakwela pa wilibala pamodzi na mbaula.

Phunzilo lina ni la manyowa. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimatentha mizu, zifunika kuyamba zawola. Timaunjika makoko a ndiwo ochoka pa maliketi, udzu wouma, zitosi na ka phulusa, timanyowetsa, timatembenuza pakapita mawiki awili alionse, ndipo pa miyezi iwili olo itatu zimasanduka dothi lakuda lonunkhila monga mvula yoyamba. Zinyalala zimene zikanatseka ngalande zimasanduka ndiwo. Nsabwe za m'masamba tikaziona msanga timawaza manzi a sopo osakaniza na mpilipili na galiki. Tomato timabyala yochepa chabe, chifukwa kuchokela pamene kachilombo ka Tuta absoluta kanalowa mu Zambia mu 2016, tomato inakhala mbeu yofuna maso tsiku lililonse na ndalama za mankhwala.

Aphunzitsi athu akulu alibe mapepala. Ni ambuya amene anabwela mu tauni kudala kuchoka ku Petauke, Katete, Mumbwa olo Kasama. Ndiwo adziwa kusankha dzungu losungila mbeu, kubyala kalembula na tumitsitsi tochoka kwa neba, kusiya bondwe imodzi ichite maluwa kuti chaka chamawa imele yokha, na kufutsa chibwabwa kuti mu September mukhale na mfutso wotendela. Kunyumba adzukulu amawaona monga anthu osadziwa kutsegula data. Pa gadeni mnyamata wa ma dreadlocks amagwada pansi ati, ambuya nionetseniko futi. Nzelu izi sizili pa YouTube m'chinenelo chathu, zili m'mitu ya anthu amene tikuika m'manda ku Chingwere mwezi na mwezi. Tikachedwa, zizapita nawo.

Ana nawo amaphunzila zambili kupambana ndiwo. Kupima bedi ya mita imodzi m'lifupi ni masamu. Kuwelenga chenji ya amai ogula ni masamu. Mwana amene adziwa mau onse a nyimbo zili pa chati koma sasiyanitsa mbande ya impwa na ya tomato, pakapita miyezi iwili amakhala akuwongolela akulu. Ndipo mwana amene anabyala yekha chainizi samakana kuidya.

Tikambeko za odzipeleka, chifukwa ndiye injini. Alipo a mitundu itatu. Pali wa selfie, amabwela na nsapato zoyela, amagwila keni mphindi zisanu. Pali wa CV, afuna kalata yoonetsa kuti anasebenzako penapake. Pali na wa tsiku lililonse, amene sakamba zambili koma dzina lake lili ponseponse mu buku. Musathamangitse olo mmodzi. Wa selfie mupatseni nchito ya kujambula na kulengeza pa Facebook kuti repu yapsa, azaichita bwino kupambana imwe. Wa CV mupatseni kalata yake, koma ilembe zoona, masiku amene anabwela na zimene adziwa kuchita. Wa tsiku lililonse musungeni monga dzila, osamusenzetsa zonse chifukwa chakuti sadandaula. Ameneyo akalema, gadeni yatha.

Ndipo tikambe chilungamo. Kuuza mnyamata amene alibe nchito kuti asebenze mahala ni nkhani yolema. Zikomo sadya. Ndiye chifukwa chake wothilila amapita kunyumba na mtolo wa ndiwo, ndipo amene wakwanitsa miyezi itatu amapatsidwa mbande na manyowa kuti akayambe masaka ake. Maola nawo timachepetsa, awili pa wiki, kuti munthu akasakile ya unga. Gadeni yothandiza anthu ikayamba kudyela masuku pamutu anthu amene inabwela kuzathandiza, yataya njila.

Mwina muganiza kuti zinthu zotele sizikhalitsa. Yanganani ku Cape Town. Kumeneko kuli bungwe la Abalimi Bezekhaya, dzina la Chixhosa limene olo imwe mwalimva, alimi a pakhomo. Linayamba mu 1982, nthawi ya apartheid, ndipo mpaka lelo lisebenza m'makomboni monga Nyanga na Khayelitsha, pa dothi la mchenga wokhawokha. Njila yawo ni yosavuta kumva: malo ogulitsilako mbeu, mbande na manyowa pa mtengo wotsika mkati mwa komboni, maphunzilo a kulima kopanda mankhwala, na alangizi oyendela alimi. Ambili mwa alimiwo ni azimai achikulile, ndipo magadeni ena ali pa malo a masukulu. Mu 2008 anayamba Harvest of Hope, kugulitsa mabokosi a ndiwo wiki na wiki kwa anthu a m'mayadi, kuti mlimi wa m'komboni adziwe kumene zokolola zake zizapita. Zaka zopitilila 40, pa mchenga. Ise dothi lathu lofiila tili nalo, chodandaula n'chani?

Olo kuno kwathu pophunzilila palipo. Kufupi na eyapoti ya Kenneth Kaunda kuli Kasisi Agricultural Training Centre, imene a Jesuit anayambitsa mu 1974, ndipo idziwika na kuphunzitsa alimi ang'onoang'ono kulima na manyowa m'malo modalila feteleza. Gulu lingasonkhe ndalama, litume munthu mmodzi olo awili, akabwela aphunzitse onse. Chimene chasunga malo awili awa zaka zonsezi ni kubwela mailo, na mailo linalo, olo kulibe mlendo wolemekezeka.

Mavuto alipo, siningakunamizeni. Nkhuku za a neba zimadziwa bowo lililonse la mpanda. Mbala zimabwela usiku, maka-maka anyezi akakhwima. Loko imathandizako, koma mlonda weniweni ni nyumba zozungulila. Amai amene mwana wawo amaphunzila pa gadeni, amenenso amagula repu yotchipa pa geti, akamva phokoso usiku amayatsa tochi. Nthawi ya kampeni kumabwela ofuna kupachika chitenje cha chipani pa mpanda posinthana na mapaipi. Timawayankha kuti mapaipi tilandila, chitenje valani imwe. Pa bedi imodzi pamagwada anthu a zipani zonse na machalichi onse, ndipo mtundu umodzi ukapachikidwa pa geti, theka la othilila lizaleka kubwela. Othandiza na ndalama nawo nthawi zina amafuna zooneka, gilinihausi yaikulu na tsiku lotsegulila, pamene ise tisowa dilamu na waya. Phunzilani kupempha chimene mufuna, na kukana mwaulemu chimene simungakwanitse kusamala. Walila mvula walila matope.

Oimba athu na ma DJ, imwe amene nimakulembani wiki na wiki, iyi ni yanu. Kupeleka masaka a unga ku nyumba ya ana amasiye pa birthday ni chinthu chabwino, pitilizani. Koma unga umasila pa mawiki awili. Yesani kutenga gadeni imodzi m'komboni imene munakulila, mulipile bilu ya manzi chaka chonse, ndipo kamodzi pa mwezi mubwele opanda kamela. Anyamata amene amavala monga imwe na kuyenda monga imwe akakuonani na keni, khasu izaleka kukhala chilango.

Ndipo imwe owelenga, simufunika kuyamba bungwe. Mu August tonse timathamangila ku Showgrounds kukaona ma band, ndipo pa Mande yoyamba ya mwezi umenewo timapuma ati ni Farmers' Day, olo kuti ambili sitinabyalepo kanthu. Chaka chino mukapita ku Show, pitilaniko ku ma stand a mbeu musanafike ku siteji, mugule ka paketi kamodzi ka repu. Funsani ku chalichi, ku sukulu ya mwana wanu olo ku kiliniki ngati kuli gadeni, chifukwa m'makomboni ambili ilipo, ingosowa manja. Ngati muli na saka yakale, chigubu chobooka, zitosi za nkhuku olo maola awili, muli nazo zonse zofunika. Pa Chiwelu anthu amakhala ambili kale, ndiye mukafika pemphani buku ya mndandanda, mutsegule pa masiku a mkati mwa wiki pamene pali mipata, mulembe dzina lanu pa Chiwili. Bwelani na nsapato zakale.